Kotesheni Yachitatu

Bambo anandiimbira foni Lolemba m'mawa, ndili m'sitima kupita kuntchito ku Münster, n'kundiuza kuti apeza wakuba. Ndinafunsa ngati walowa m'nyumba. Anati ayi, sanalowe, wangotumiza kotesheni.

Chaka chathachi Bambo anachotsa ng'anjo yakale ya mafuta n'kuikitsa makina otenthetsera nyumba oyendera magetsi. Kuyambira pamenepo bilu ya magetsi inayamba kudya penshoni yawo ngati chiswe, moti nyengo yozizira yonse anaithera atavala majuzi awiri m'nyumba mwawo momwe, makina atsopanowo atawatsitsa mpaka pansi. Kenako khonsolo ya tauni yathu inalengeza m'nyuzipepala kuti ili ndi kathumba ka ndalama kothandizira aliyense woika sola padenga. Lamulo lake linali loti uyambe wapempha thandizolo usanasainirane ndi mmisiri, ndipo popemphapo uonetse kotesheni ya mmisiri mmodzi amene wamusankha. Tsiku lotsekera linali Lachisanu la sabata yomweyo, masana. Kuphonya tsikulo kunali kubwereranso m'majuzi awiri.

Makotesheni anali atatu. Awiri anali okwera mtengo, ndipo Bambo ankawalemekeza. Yachitatu inali yotsika ndi mayuro pafupifupi 3,000, ndipo ndi yokhayo imene akanaikwanitsa ataphatikiza ndi thandizo la khonsolo. Imeneyo ndiye inali ya wakuba.

"Munthu satsitsa choncho popanda chimene wabisa," anatero. "Iwe unadya ndalama zanga zaka zonse zija ukuphunzira masamu. Bwera udzandipezere pamene pali msampha."

Ine ndimagwira ntchito pakampani ya inshuwalansi, kuwerengetsera mwayi woti anthu agwe, apse kapena amire. Mayankho ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, choncho funso lokhala ndi yankho lobisika limandikoka ngati fungo la buledi wotentha. Ndinapempha tchuthi, Lachitatu n'kukwera sitima yopita kwathu.

Kwathuko ndi theka la nyumba. Agogo anamanga nyumba imodzi yaitali, denga limodzi, chumuni chimodzi, n'kuigawa pakati ndi khoma. Nambala 14a ndi ya bambo anga, a Gisbert Terhorst. Nambala 14b ndi ya mng'ono wawo, bambo aang'ono a Ludger. Awiriwa anasiya kulankhulana agogo atangomwalira, ine ndidakali ku sekondale, ndipo nkhani yake inali makwerero. Agogo anali ndi makwerero aatali amatabwa othyolera maapozi. Bambo amati anawasiyira iwo. A Ludger amati tsiku la maliro makwererowo anali m'galaja ya 14b, ndiye kuti anali atasankha okha kwawo. Bambo anakagula ena aatali kuposa aja, ndipo dzina la Ludger linasiya kumveka m'nyumba mwathu. Amangoti "wa kuseri kwa khoma". Chodabwitsa n'chakuti onse awiri amatchetcha kapinga Loweruka nthawi imodzi, amawerenga nyuzipepala imodzi, ndipo magalimoto awo ndi otuwa mofanana. Ine ndimapereka moni mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amandifunsa za mnzake.

Tinayala mapepala atatuwo patebulo la kukhitchini, pakati pa khofi ndi keke ya maapozi. Yoyamba inali ya kampani yaikulu yotsatsa malonda pa wailesi. Munthu wawo sanaponde pakhomo pathu. Anangoona denga pachithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba, n'kulidzaza mapanelo a sola mpaka m'mphepete, n'kuwonjezerapo batire lalikulu lokwana fakitale. Ananenanso kuti ngati ndalama zavuta, Bambo atha kubwereka zonsezo n'kumalipira mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi awiri. Bambo anamuyankha kuti kumanda kulibe bokosi la makalata. Yachiwiri inali ya a Hülsbusch, mmisiri wa magetsi wa m'tauni mwathu, amene amawombera limodzi chandamale ndi Bambo kukalabu. Iwo anabwera, anakwera padenga, anamwa khofi makapu awiri, n'kupereka mtengo woona mtima koma wolemera, ndiponso sakanayamba ntchito Pasaka isanadutse. Yachitatu inali ya Mayi Sökeland, eni kampani yaing'ono ya m'mudzi woyandikana nafe. Anabwera, anayeza mofulumira, n'kukana khofi. Kwa Bambo, umenewo unali umboni woyamba.

Ndinayamba ndi zophweka. Ndinagawa mtengo uliwonse ndi mphamvu ya magetsi imene akulonjeza, kuti ndiyerekeze zofanana. Mapanelo a Mayi Sökeland anali a mtundu womwewo ndi a a Hülsbusch. Inveta, bokosi losandutsa magetsi a padenga kukhala ogwira ntchito m'nyumba, inali yofanana. Batire lawo linali laling'ono, koma lokwanira munthu mmodzi amene amagona nyuzi ya madzulo ikangotha. Zaka za chitsimikizo zinali zomwezo. Ndalama zimene munthu amalandira akagulitsa magetsi otsala sizidalira mmisiri, choncho pamenepo panalibe pobisala. Ndinaimbira mabanja awiri amene mayiwo anawagwirira ntchito. Banja lina linawayamikira, lina linadandaula kuti anyamata awo anaponda maluwa. Wakuba woponda maluwa okha sanandikhutiritse.

Kusiyana konse kunali pamalo amodzi, pa nsanja yachitsulo imene amisiri amaimika m'mbali mwa nyumba kuti akwerepo, pamodzi ndi mtengo wa lole ndi masiku a ntchito. Kuseri kwa 14a kuli khonde lagalasi limene Mayi anga anamangitsa asanamwalire, pansi penipeni pa denga loyang'ana dzuwa. Pagalasi sungaimikepo chitsulo, ndiye amisiri awiri aja anawerengera nsanja yapadera yodumpha khondelo ngati mlatho, yokwera mtengo kwambiri. Nsanja ya Mayi Sökeland sinafike ngakhale theka la mtengo umenewo.

Bambo anali kale ndi yankho. Anati mayiyo adzakweza anyamata ake pamakwerero, wina adzagwera pagalasi, ndipo mlandu udzakhala wa mwini nyumba. Ine ndinali ndi mayankho atatu: mwina anaiwala khondelo, mwina nsanjayo ndi yawoyawo, mwina chala chinaterereka polemba. Ndinawayesa onse ndipo onse anagwa. Khondelo analijambula bwinobwino pa pulani yawo. Nsanja analemba kuti ndi yobwereka. Masamu awo anali olondola mpaka senti yomaliza. Kuwafunsa pafoni kunali ngati kuyang'ana mayankho kumapeto kwa buku, koma Lachisanu linali pafupi. Ndinawapempha kuti abwere Lachinayi masana adzationetse ndi maso pamene nsanjayo idzaime.

Anafika pa vani yachikasu, mayi wamfupi wa tsitsi lometa, tepi yoyezera ili m'lamba. Khofi anakananso, ati dokotala anawaletsa. Bambo anandiyang'ana ngati akuti dokotalayo ndi wongopeka. Atawafunsa za nsanja, mayiwo anangoti tiwatsate. Anazungulira nyumba, anadutsa khonde lagalasi, n'kulunjika pa kageti ka mumpanda wa zitsamba wolekanitsa dimba lathu ndi la 14b.

Kagetiko kanapendekeka kalekale. Kuti katseguke uyenera kukanyamula pang'ono ndi bondo, kenako n'kukakokera kwa iwe, osati kukakankha. Zaka zonsezi wodutsa pamenepo ndinali ine ndekha. Mayi Sökeland anaika bondo, ananyamula, anakoka, osayang'ana n'komwe, akupitiriza kulankhula za mphepo. Pamenepo ndinadziwa kuti anadutsapo kale, ndipo wina anawaphunzitsa kuchokera mbali inayo. Ndinamva kukoma kumene ndimamva nambala yomaliza ikalowa m'malo mwake.

Mayiwo anaima pakapinga wa bambo aang'ono n'kuyamba kuloza. Mwendo wina wa nsanja apa, wina apo, chitsulo chachitali n'kudutsa pamwamba pa galasi popanda mlatho wapadera. Bambo anaima pageti, nsonga za nsapato zawo zili pamalire penipeni.

"Mayi, tulukanimo mmenemo. Si mwathu."

"Si mwa a Terhorst?"

"Ndi mwa a Terhorst ena."

Zinatenga kanthawi kuti timvane. Mayiwo anafotokoza kuti m'mawa umene nyuzipepala inalengeza za thandizo la khonsolo, analandira mapempho awiri motsatizana. Dzina limodzi, msewu umodzi, 14a ndi 14b, ngakhale mawu ake anali pafupifupi ofanana, onse oyamba ndi chenjezo loti safuna kunamizidwa. Iwo anangoti ndi banja limodzi logwirizana, monga amachitira anthu a nyumba zogundizana akafuna kupulumutsa ndalama. Anayeza 14b m'mawa, a Ludger n'kuwatulutsira pa kageti kaja kuti aone denga lonse ali patali, ndipo 14a anayeza madzulo. Anawerengera nsanja imodzi kuseri kwa nyumba yonse, lole imodzi, gulu limodzi la amisiri. Aliyense anamulembera gawo lake. Ngati ntchitozo zikhala ziwiri zosiyana, anatero, mtengo wa Bambo ukwera kufika pafupi ndi wa a Hülsbusch.

Tili pomwepo chitseko cha shedi ya 14b chinatseguka, bambo aang'ono n'kutuluka atavala magolovesi a m'dimba. Anandipatsa moni ine, anapatsa moni mayiwo, ndipo pamalo pamene panaima Bambo anangoyang'anapo ngati pali mtengo wouma. Anauza Mayi Sökeland kuti zakhala bwino abwera, chifukwa amafuna kuwafunsa chimene abisa mumtengo wawo wotsikawo. Mayiwo anafotokozanso zonse kachiwiri, tsopano pang'onopang'ono, ngati munthu amene wazindikira kuti waponda pachisa cha mavu.

Bambo aang'ono si munthu wochedwa pa masamu. Anafunsa kuti nsanja imodziyo ikuwapulumutsira zingati iwo, ndipo ikupulumutsira zingati 14a. Yankho linali loti iwo pang'ono chabe, chifukwa alibe khonde lagalasi, koma 14a zambiri. Nkhope yawo inawala.

"Wiebke, mwanawe," anandiitana, "kawauze a ku 14a kuti kapinga wanga sabwerekedwa. Kwathu kuno zinthu zikalowa m'dimba mwanga, amati ndaba."

"Wiebke," anatero Bambo, ali mita imodzi kuchokera pa mng'ono wawo, "umuuze kuti majuzi ndili nawo ambiri."

Ndinapereka mauthenga onse awiri mokhulupirika, ngakhale aliyense anali atamva kale. Mayi Sökeland anayamba kupinda tepi yawo. Funso langa linali litayankhidwa, koma yankho lake linali litangowatayitsa Bambo mtengo wokhawo umene akanaukwanitsa. Ndinaganiza kuti mwina akanakhala bwino ndi wakuba weniweni.

Mayiwo asanafike pageti, bambo aang'ono anawaimitsa. Anati popeza abwera, ayankhenso china. Amva kumene kuti 14a yalembedwa mapanelo 18. Nanga bwanji iwo analembedwa 15, pamene madenga ndi ofanana ngati mapasa? Mayiwo analoza kumwamba. Chumuni cha agogo chinaima pakhoma lapakati, chachitali, cha njerwa zofiira, ndipo mthunzi wake unali utagona mbali ya 14b. Anati umakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, nthawi yeniyeni imene mapanelo amadya, ndipo kuika mapanelo mumthunzi n'kutaya ndalama.

Ndinayang'ana chumunicho nthawi yaitali. Pamwamba pake panali patamera kaudzu. Ndinafunsa bambo aang'ono ngati amakolezabe ng'anjo yawo. Anati anaichotsa chaka chatha, anaikitsa makina a magetsi. Mwezi wanji? Seputembala. Bambo anatsokomola, chifukwa nawonso unali Seputembala. Ndiye kuti chumunicho chinatha nyengo yozizira yonse osatulutsa utsi, ntchito yake ili yongotchingira dzuwa 14b.

Ndinafunsa Mayi Sökeland ngati chingagwetsedwe. Anati n'zotheka, bola woyang'anira machumuni wa dera lathu atsimikize kuti sichikugwiranso ntchito. Nsanja ikakhala itaima kale, mmisiri wa madenga amachitsitsa tsiku limodzi n'kutsekapo ndi matailosi, pamtengo wochepa. Koma chumuni cha pakhoma lapakati ndi cha nyumba zonse ziwiri. Sichikhudzidwa popanda eni ake onse kusaina.

Funso labwino ukaliyala bwino limadziyankha lokha, ndipo ndinaona amuna awiriwo akuliwerengetsera m'mitu mwawo, milomo ikugwedera mofanana. Bambo ankafuna kapinga wa 14b kwa masiku ochepa. Bambo aang'ono ankafuna siginecha ya 14a kuti apeze dzuwa la zaka zonse zotsala. Kuti zipepuke, ndinafunsa mayiwo kuti kupatula nsanja, n'chiyani china chimene nyumba ziwirizi zidzagawane. Anati palibe. Aliyense mgwirizano wake, mita yake, inveta yake. Ngakhale mapanelo sadzagundana, chifukwa malamulo oteteza moto amafuna mpata pakati pa nyumba ziwiri. Nsanjayo ndi ya kampani yobwereketsa, ikatha ntchito imapita kwawo. Ndinati ndiye kuti palibe galaja imene idzagonemo. Palibe anaseka.

Bambo anayang'ana kumwamba, manja ali m'thumba. Anayamba kulankhula ngati akuuza mpanda. Anati chumuni chimenecho anamanga ndi bambo awo ndi manja, Loweruka ndi Loweruka, ndipo njerwa iliyonse anaikweza ndi iwo, a Gisbert, pamsana. Si chinthu chogwetsa chifukwa cha mapanelo atatu a munthu wina.

"Wiebke, uwakumbutse kuti matope ndinkaponda ndine," anatero bambo aang'ono.

"Iwe? Unali ndi zaka zisanu iwe. Unkangodya mchenga, Mayi n'kumakutsuka m'kamwa."

Mawuwo sanadzere kwa ine. Anadumpha geti okha, kuchoka pakamwa pa mkulu kupita m'khutu la mng'ono, ndipo onse awiri anadzidzimuka ngati mbale yagwa. Bambo aang'ono anavula golovesi imodzi n'kuivalanso.

"Mchengawo ndinkadya chifukwa chakudya changa munkandilanda ndinu, achimwene."

Mayi Sökeland anandiyang'ana, ine n'kuwapatsa chizindikiro choti asayankhule. Abale awiriwo anakangana za mchenga, za njerwa, za amene anagwetsa wilibala m'ngalande. Makwerero sanatchulidwe. Mkangano utafika pa funso loti chumunicho n'chopendekeka kapena ayi, Bambo anati n'chopendekeka kuyambira kale, chifukwa cha matope oponda mwana, ndipo kuli bwino chitsike chisanaphe munthu. Bambo aang'ono anati kapinga wawo ndi wolimba kuposa wa anthu ena, miyendo inayi ya chitsulo singamuchite kanthu. Umo ndi mmene anagwirizanirana, aliyense akunyoza mnzake. Mayiwo anakakhala m'vani n'kukonzanso makotesheni onse awiri, a 14b tsopano ali ndi mapanelo 18.

Lachisanu m'mawa tinapita ku ofesi ya khonsolo pa njinga. Bambo anatuluka pakhomo pawo, bambo aang'ono pakhomo pawo, nthawi imodzi popanda kupangana. Ine ndinapalasa pakati. Kalaliki wolandira mapempho ataona mayina anati n'zosangalatsa kuona banja likuchitira zinthu limodzi. Onse awiri anayang'ana kudenga.

Ntchito inagwiridwa mu Okutobala. Nsanja inaima sabata imodzi, miyendo yake ina ili pakapinga wa 14b, ndipo galasi la khonde la Mayi anga silinasweke. Chumuni chinatsika. Padenga pali mizere iwiri ya mapanelo akuda, pakati pake mpata wa matailosi ofiira umene Bambo amauonetsa alendo monyadira, ati ngakhale boma likudziwa kuti anthu ena safunika kuyandikana nawo.

Nditapitako pa Khirisimasi ndinawapeza Bambo atavala juzi imodzi, m'nyumba muli mofunda. Dzuwa la Disembala silipereka zambiri, anatero, koma munthu amene akudziwa kuti chilimwe chidzabweza saopa kukweza makina. Kenako ananditengera pawindo kuti ndione vuto latsopano. Amisiri aja potsitsa chumuni anaunjika njerwa zonse pa kageti ka mumpanda, theka mbali ino, theka mbali inayo, moti getilo silitsekekanso. Bambo amati njerwazo ndi zawo chifukwa anazikweza ndi iwo. Bambo aang'ono amati zambiri zagwera mbali ya 14b, ndiye kuti zasankha zokha. Amakangana za nkhaniyi m'mawa uliwonse, maso ndi maso, ataima mbali ziwiri za muluwo, aliyense foni ili m'manja kuonetsa mnzake magetsi amene denga lake lapanga dzulo.

Bambo anandipempha kuti ndiwerenge njerwazo ndi kuzigawa mwa masamu, kuti nkhaniyo ithe. Ndinawauza kuti ndi funso lovuta kwambiri, ndipo lidzanditengera zaka.